Kabolodi kodzipangira koyendetsa Linux: chip iti, magetsi ake ndi kuyatsa koyamba

Mphatso:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pakufunika kabolodi kotchipa kokaika m'bokosi pa mijigo yopopa madzi ndi sola. Ntchito yake ndi kuwerenga inverter kudzera pa RS485 (njira ya mawaya yotumizirapo data pakati pa makina), kusunga manambala, n'kumawatumiza pa netiweki ya foni kangapo pa tsiku. Raspberry Pi ikamafika kuno imakhala itakwera mtengo, ndipo zambiri zomwe ili nazo, monga HDMI ndi mabowo a USB anayi aja, pa ntchitoyi n'zongolipirira chabe. Ndikuganiza zojambula yathuyathu mu KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi. Ndi chip iti yoyendetsa Linux yomwe munthu angaiwotcherere patebulo popanda makina a kufakitale?

Limbani:
Musanapite patali achimwene, mwatsimikiza kuti mukufuna Linux? Kuwerenga Modbus, chilankhulo chomwe ma inverter amagwiritsa pa RS485, ndi kutumiza pa GSM, chip yaing'ono ya ESP32 imachita zimenezo bwinobwino popanda Linux. Imayaka nthawi yomweyo, imafuna 3.3V yokha, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi palibe zambiri zoti ziwonongeke. Bolodi ya Linux imabwera ndi katundu wake: bootloader, kernel, device tree, ndi ma voltage anayi.

Mphatso:
Ndaziganizira a Limbani. Ma inverter ndi osiyanasiyana, ndipo mabokosi akakhala kutali ndikufuna kumalowamo patali ndi SSH kudzera pa VPN ya WireGuard, n'kusintha script osapitako. pppd, libmodbus ndi SQLite zilipo kale pa Linux. Pa ESP32 zambiri mwa izo ndizilemba ndekha.

Limbani:
Chabwino, chifukwa chake chamveka. Pitirizani.

Tiwonge:
Ngati ndi choncho, sankhani chip yomwe RAM ili mkati mwake momwemo. Chomwe chimadulitsa bolodi ya Linux kwenikweni ndi DDR yakunja, ndiye kuti RAM yokhala pa chip yakeyake. Imabwera mu BGA, thupi lomwe zolumikizira zake ndi timipira tobisika pansi pake, imafuna tinjira tambirimbiri tofanana kutalika, impedance yoyezedwa, ma layer 4 kapena 6, ndipo ikakanika simungaone pansi pake popanda X-ray. Allwinner ali ndi ma chip angapo omwe purosesa ndi RAM zili m'thupi limodzi.

F1C100s ndi ARM926EJ-S yokhala ndi 32MB ya DDR1, mu QFN (thupi lopanda miyendo yotuluka kunja) ya mapini 88, kukula kwake 10mm kwa 10mm. F1C200s ndi yomweyo mapini onse, koma 64MB. V3s ndi Cortex-A7, 64MB ya DDR2, Ethernet ili mkati, miyendo 128 yoonekera kunja. T113-S3 ili ndi ma Cortex-A7 awiri ndi 128MB ya DDR3.

Pa ntchito yanuyi ine ndingatenge F1C200s. Footprint, malo ake owotchererapo pa bolodi, ndi imodzi ndi F1C100s, ndiye mukajambula kamodzi mutha kuika iliyonse yomwe yapezeka. Koma dziwiranitu zomwe ilibe. Ndi ARMv5, ilibe FPU (gawo lowerengera manambala a decimal), ndiye mapulogalamu okonzedwera Raspberry Pi sayenda. Ilibe Ethernet. Ilibe RTC, wotchi yosunga nthawi magetsi akathima. USB ndi imodzi yokha. Ma UART, makomo a serial, ndi atatu, ndipo inu mukufuna atatu ndendende: console, RS485 ndi modem.

Tsitsani schematic ya Lichee Nano ya Sipeed, kabolodi kokhala ndi F1C100s, ili poyera, muiike pambali pa datasheet pamene mukujambula.

Yamikani:
Ine ndingatsutseko pang'ono achemwali. V3s miyendo yake ili panja, munthu amaiwotcherera ndi soldering iron wamba n'kuona ndi maso ngati yagwirana. QFN ya 0.4mm kwa munthu woyamba ndi mayeso.

Tiwonge:
V3s nayonso miyendo yake ndi 0.4mm, ndipo pansi pake pali pad yaikulu yofuna kutenthetsa chimodzimodzi. Miyendo 128 yopyapyala imapindika msanga m'kapepala komwe yabwerera. QFN ilibe chopindika, ndipo mtovu ukasungunuka imadzikokera yokha pamalo pake. Ngati Ethernet ikanafunika ndikanavomereza V3s. Apa sikufunika.

Dalitso:
Tiyeni ku magetsi, chifukwa mabolodi ambiri otere amafera pomwepa. F1C200s imafuna izi: 3.3V ya ma IO, USB ndi flash, 2.5V ya DRAM, 1.1V ya core, ndi 3.0V yoyera ya AVCC, pini yodyetsa mbali ya analog monga audio. AVCC musaisiye poganiza kuti simugwiritsa ntchito audio, ipatseni ndithu. Ka LDO, kotsitsa voltage potaya yotsalayo ngati kutentha, monga XC6206P302 kamakwana.

Zitatu zinazo gwiritsani buck, chotsitsa voltage cha inductor chosataya mphamvu yambiri. Lichee Nano inaika EA3036, chip imodzi yotulutsa ma voltage atatu. Ndi yabwino, koma ikasowa pamsika mulibe china cholowa pa footprint yake. Ine ndimakonda ma buck atatu osiyana mu SOT23-5, monga SY8088 kapena TLV62569, chifukwa makampani ambiri amapanga ofanana miyendo. Onsewa feedback yawo ndi 0.6V, ndiye masamu ake ndi Vout = 0.6 × (1 + R1/R2), R1 ndi wapamwamba, R2 wopita ku GND.

Pa 3.3V ikani 150k ndi 33k, mupeza 3.33V. Pa 2.5V ikani 150k ndi 47k, mupeza 2.51V. Pa 1.1V ikani 100k ndi 120k, mupeza 1.10V. Ma resistor onse akhale a 1%. Inductor 2.2uH, capacitor yolowera 10uF, yotulukira 22uF.

LDO ya AMS1117 pa core musayerekeze. Kutsitsa 5V kufika 1.1V pa 200mA ndi kutaya 0.78W ngati kutentha, m'bokosi lotsekedwa lomwe lili padzuwa la Okutobala. Komanso mukadzafuna kuyendetsa bolodi pa batire ya lithium, AMS1117-3.3 imafuna kuti cholowa chipose chotuluka ndi 1V ndi kanthu, ndiye pa 3.7V siikupatsani 3.3V.

Chenjezo lina pa ma capacitor. 22uF ya 6.3V mu 0603 mukaiika pa 5V, mphamvu yake yeniyeni imatsika kupitirira theka. Pa mbali ya 5V tengani za 10V kapena 16V mu 0805.

Mphatso:
Nanga dongosolo loyatsira ma voltage amenewa? Pali yoyenera kuyamba?

Dalitso:
Chip iyi si yovuta pa zimenezo, ma EN onse atatu, mapini oyatsira ma buck, mutha kuwamanga pa 5V. Chofunika ndi chakuti RESET ikhale pansi mpaka onse atakhazikika. Ambiri amaika resistor ndi 100nF basi, ndipo patebulo zimayenda. Koma ku sola kuli khalidwe lina. Batire ikatheratu usiku, m'mawa voltage imakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Ka capacitor kaja kamadzaza kale 3.3V isanafike, chip n'kudzuka magetsi ali osakwanira, n'kuima pomwepo mpaka wina adzazimitse ndi kuyatsanso. Ikani supervisor ngati MAX809S kapena APX803 ya 2.93V. Imagwira RESET pansi mpaka 3.3V itadutsa malire amenewo, n'kudikiranso osachepera 140ms. Ngati mukufuna batani la reset pa waya womwewo, tengani ya open drain ndi pull-up ya 10k.

Tiwonge:
Ndiwonjezere tinthu titatu tomwe timaiwalika pa schematic.

SVREF ndi voltage yomwe DRAM imayezerapo ziro ndi wani. Iyenera kukhala theka la 2.5V, ndiye 1.25V. Ma resistor awiri ofanana a 1%, 2k ndi 2k, kuchoka pa VCC-DRAM kufika ku GND, pini pakati, ndi 100nF pafupi penipeni. Mukaiwala kapena mukasokoneza resistor mmodzi, chip imayankha pa USB ngati zonse zili bwino, koma U-Boot, pulogalamu yoyambitsa Linux, ikangofika pa DRAM imaima.

Crystal ndi ya 24MHz. Ma capacitor ake musangokopera kwa wina, onani CL ya crystal yomwe mwagula. Ma capacitor awiri ofanana amawerengedwa theka, kuphatikiza pafupifupi 3pF ya tinjira ndi mapini. Crystal ya 12pF imafuna 18pF mbali iliyonse. Ikhale moyandikana ndi chip, pansi pake pasadutse kanjira kalikonse, ndipo inductor wa buck akhale kutali.

Chachitatu, mapini a VRA1 ndi VRA2 ali ndi tizipangizo tawo, koperani monga zilili pa schematic ya Lichee Nano. Pini iliyonse ya magetsi ikhale ndi 100nF yake.

Chisomo:
Funso la ndalama tsopano. Ma layer awiri kapena anayi? Poti DDR ili mkati, awiri amatheka, ndipo anthu apangapo mabolodi otere a ma layer awiri oyenda Linux.

Dalitso:
Amatheka, koma ine ndikuti anayi. Taonani kumene ndalama ikupita. Pa oda yaing'ono ya mabolodi 5 kapena 10 ochepera 100mm kwa 100mm kuchokera ku JLCPCB kapena PCBWay, chomwe chimadya ndalama ndi kutumiza ndi msonkho pa kasitomu. Kusiyana kwa ma layer awiri ndi anayi n'kochepa poyerekeza ndi zimenezo. Chodula zedi ndi kuitanitsa kachiwiri: kusakanso ndalama yakunja, kudikiranso masabata. Pa ma layer anayi muli ndi GND yathunthu pa layer yachiwiri, USB ya 90 ohm imatuluka ndi tinjira topyapyala, ndipo modem ikamakoka moto siigwedeza china chilichonse.

Chisomo:
Komatu akadzafuna mabolodi 200 kusiyanako kumaoneka.

Dalitso:
Akadzafika pa 200 adzakhala ali ndi bolodi yoyenda kale yoyerekezera nayo, pamenepo atha kuchepetsa. Yoyamba ntchito yake ndi kuyaka.

Yamikani:
Amene akakamire awiri, lamulo ndi lakuti pansi ponse pakhale GND, ndipo kanjira kalikonse kodutsa pansi kakhale kafupi, kasadule GND pakati. Pa bolodi ya 1.6mm ya ma layer awiri 90 ohm yeniyeni imavuta, ndiye D+ ndi D- zikhale zazifupi, zoyendera limodzi, zopanda via, cholumikizira cha USB chikhale pafupi ndi chip. Pa buck, capacitor yolowera ikhale yogundana ndi mapini a VIN ndi GND, ndipo kanjira ka feedback kasadutse pansi pa inductor.

Limbani:
Poti tavomereza Linux, nkhani yomwe ndikufuna muimvetse ndi ya mmene chip imadzukira, chifukwa ndi yomwe ingakupulumutseni. Mkati muli ka ROM komwe sikafufutika. Magetsi akabwera kamayang'ana kaye SD card pa SDC0, kenako flash ya pa SPI0, ndipo kakapanda kupeza kanthu kamalowa mu FEL, kudikira malamulo pa USB. Tanthauzo lake, bolodi yopanda flash, yopanda card, yongokhala ndi chip, magetsi, crystal ndi USB, iyenera kuonekera pa kompyuta. Mukalemba lsusb muone 1f3a:efe8. Mukalemba sunxi-fel ver muone soc=00001663. Simufunika programmer kapena JTAG.

Mapini ake ndi awa. SD card ili pa PF0 mpaka PF5: PF0 ndi D1, PF1 ndi D0, PF2 ndi CLK, PF3 ndi CMD, PF4 ndi D3, PF5 ndi D2. Ikani pull-up ya 47k pa CMD ndi ma data. Flash ili pa PC0 CLK, PC1 CS, PC2 MISO, PC3 MOSI. W25Q128 ya 16MB mu SOIC-8 ndi yosavuta kupeza ndi kuwotcherera. WP ndi HOLD zake zikokereni ku 3.3V, zikangolekedwa m'malere flash imayankha mwa apo ndi apo. Console ndi UART0, PE1 TX, PE0 RX, 115200.

Ikani zonse ziwiri, SD ndi flash, ngakhale mukufuna kudzagwiritsa chimodzi. Ndipo ikani batani kapena ma pad awiri ogwetsera CS ya flash ku GND. Mukalemba U-Boot yolakwika mu flash, ROM imaipeza, imaiyambitsa, n'kuima, FEL osalowanso. Mukagwira batani lija poyatsa, ROM siiona flash ndipo imabwerera ku FEL. Mulisiye musanayambe kulemba. Popanda batanili mukhala mukugwiranitsa miyendo ya flash ndi tweezer.

Ngati cholumikizira ndi USB-C, CC1 ndi CC2 iliyonse ikhale ndi 5.1k yakeyake kupita ku GND. Mukapanda kuika n'komwe, chaja ya C kupita ku C siitulutsa 5V, ndipo mukaika resistor mmodzi wogawana zingwe zina zimakana chimodzimodzi. Onjezani USBLC6-2SC6 pa D+ ndi D-.

Mphatso:
Izi ndazilemba. Tsono kuwotcherera kwa QFN ija, ndilipire a fakitale andiikire kapena ndichite ndekha?

Chisomo:
Ngati chip ilipo m'sitolo ya LCSC pa tsiku loitanitsa, alipireni aike chip ndi tizipangizo ta 0402, inu mudzaike zolumikizira zazikulu. Ngati palibe, mutha nokha. Aliyense wokonza mafoni ku Limbe kapena ku Malangalanga ali ndi blower ndi microscope, ndipo tsiku ndi tsiku amachotsa ndi kubwezera ma IC aang'ono kuposa awa. Mumutengere bolodi, chip ndi chithunzi chosonyeza pini 1.

Zofunika pa kujambula. Pad yapansi pa chip ndiyo GND yaikulu ya chip imeneyi. Ikapanda kugwira, bolodi siyaka kapena imachita zachilendo. Ikani ma via a 0.3mm angapo pa pad imeneyo. Pa stencil musatsegule pad yonse, igaweni timawindo tinayi kapena 9 kuti paste ikhale theka kapena kupitirira pang'ono. Ikachuluka chip imayandama pamwamba pa mtovu, mapini a m'mbali n'kukhala m'mwamba osagunda. Stencil ya 0.10mm kapena 0.12mm. Ngati ndalama ilipo sankhani ENIG, ma pad opakidwa golide, chifukwa HASL, yopaka mtovu, imasiya timapiri pa ma pad ndipo pa 0.4mm timasokoneza. Talikitsani ma pad kunja ndi 0.3mm kapena 0.4mm kuposa footprint wamba, kuti nsonga ya iron ipeze pogwira pokonza.

Paste ya Sn63Pb37 imasungunuka pa 183°C ndipo ndi yosavuta kugwira nayo ntchito kuposa yopanda lead ya 217°C. Tenthetsani bolodi yonse kuchokera pansi kufika cha m'ma 150°C, kenako blower pa 300 mpaka 330°C, mpweya wochepa, mukuzungulira. Muona paste yotuwa ija ikusanduka yonyezimira, chip n'kudzigwedeza pang'ono kukhala pakati. Igundeni pang'ono m'mbali ndi tweezer, ikabwerera yokha ndiye kuti pansi pasungunuka. Osaikanikiza pamwamba, mtovu wa pakati umathawira ku mapini. Pakagwirana mapini, flux yambiri ndi nsonga yoyera ya iron, kukokera kunja.

Ma chip akabwera m'kapepala kosatsekedwa bwino n'kukhala nthawi ya dzinja yonse pashelefu, amamwa chinyezi, ndipo potenthetsa amatha kusweka mkati. Aumitseni pa 125°C kwa maola 24 musanawaike.

Dalitso:
Ndipo pa schematic ikani resistor wa 0 ohm pakati pa buck iliyonse ndi chip, ndi test point pa voltage iliyonse, pa SVREF ndi pa RESET. Poyatsa koyamba ndondomeko ndi iyi. Ma 0 ohm asanaikidwe, yezani ndi multimeter kuti palibe voltage yomwe yagwirana ndi GND kapena ndi inzake. Patsani 5V kuchokera pa power supply yomwe mwaitsekera pa 100mA. Yezani 3.3, 2.5, 1.1 ndi 3.0. Kusinthanitsa R1 ndi R2, kapena R2 wosagwira bwino, kumasintha voltage, ndipo R1 akapanda kugwira buck imakankha pafupifupi 5V yonse. Imeneyo ikafika pa core chip yapita. Zonse zikakhala bwino zimitsani, ikani ma 0 ohm, yatsaninso, yezani SVREF, kenako lumikizani USB.

lsusb ikapanda kuonetsa kanthu, yang'anani motere: RESET ili pa 3.3V? Crystal ikuyenda? D+ ndi D- sizinasinthane? Pad yapansi yagwira? Chingwe cha USB ndi cha data kapena chongochajira? Chomalizachi chimataitsa anthu nthawi kwambiri.

Tiwonge:
Ku software. Chip imeneyi inalowa mu Linux yeniyeni pa 5.0, koma zigawo ngati MMC, SPI ndi USB zinabwera pambuyo pake, ndiye musatenge kernel yakale kuposa 6.6. U-Boot imaidziwa kuyambira 2022.04, pa licheepi_nano_defconfig. Mu Buildroot, chida chomangira Linux yonse ya bolodi, yambirani pa sipeed_licheepi_nano_defconfig, kenako mupange device tree yanu pokopera ya Lichee Nano.

Musayambe ndi kulemba mu flash. Yesani kaye kudzera mu RAM: sunxi-fel uboot u-boot-sunxi-with-spl.bin, console ili yotsegula. Mukaona mzere wa DRAM ukunena 64 MiB pa F1C200s, gawo lovuta latha. Pa SD card U-Boot imakhala pa 8KB kuchokera poyambira: dd if=u-boot-sunxi-with-spl.bin of=/dev/sdX bs=1024 seek=8. Mu flash ndi sunxi-fel -p spiflash-write 0 kenako dzina la fayilo. Linux ikayaka, thamangitsani memtester, yoyesera RAM, usiku wonse bolodi ili m'bokosi lake lotentha. Zolakwika zikatuluka, kayang'aneni 2.5V ndi SVREF musanaganizire software.

16MB mutha kuigawa motere: U-Boot kuyambira 0 mpaka 0x100000, dtb pa 0x100000, zImage pa 0x110000 ndi malo a 4MB, rootfs kuyambira 0x510000. Ndi musl ndi BusyBox, dropbear, pppd, wireguard-tools, libmodbus ndi SQLite zimakwana. Python yathunthu iiwaleni, idya flash ndi RAM. Lembani mu C kapena Lua.

Limbani:
Apa ndi pomwe ndinkachenjeza poyamba paja. Bokosi la pa mjigo lizithima popanda kutsazika. Rootfs ikhale squashfs, yongowerenga. /tmp, /var/log ndi /run zikhale mu RAM. Patulani gawo laling'ono lolembeka la JFFS2 losungira ma setting ndi manambala omwe sanatumizidwe.

JFFS2 ili ndi misampha iwiri. Mu kernel zimitsani CONFIG_MTD_SPI_NOR_USE_4K_SECTORS, chifukwa JFFS2 siigwira ntchito ndi ma block a 4KB, ndipo popanga image nenani mkfs.jffs2 -e 0x10000 kuti zigwirizane ndi 64KB. Mukapanda kutero console imadzaza ndi madandaulo a magic bitmask. Wachiwiri, SQLite mu WAL imafuna mmap yolembeka yomwe JFFS2 ilibe, ndiye isiyeni pa journal wamba. Flash ya NOR imapirira kufufutidwa ka 100,000 pa sector iliyonse, choncho musalembe sekondi iliyonse. Sonkhanitsani mu RAM, muzilemba pa mphindi 10 kapena 15.

Yatsaninso watchdog, yomwe imayambitsanso bolodi ikasiya kudyetsedwa chizindikiro, driver yake ndi sunxi-wdt, ndipo pulogalamu yanu yeniyeniyo ndiyo iziidyetsa. Mukasiyira ka daemon kapadera, pulogalamu itha kufa watchdog ili yokhuta.

Yamikani:
RTC musaiwale. Popanda iyo bolodi imadzuka mu 1970. Ma certificate a TLS amakanidwa, manambala osungidwa amakhala ndi nthawi yabodza, ndipo WireGuard imakana handshake yomwe nthawi yake yabwerera m'mbuyo poyerekeza ndi yomwe seva inaona kale. Ndiye kuti bokosi lomwe mumafuna kulowamo patali lija simulowamo mpaka NTP itakonza nthawi. PCF8563 ndi yotchipa, DS3231 ndi yolondola kwambiri. Zonse ndi za I2C, pa PE11 SCL ndi PE12 SDA, pull-up 4.7k, ndi batire ya CR2032.

Mphatso:
Modem ndiike pa USB kapena pa UART? Ndinali ndi maganizo a SIM800L.

Dalitso:
Pa UART2, PE7 TX ndi PE8 RX, ndi PPP. USB ndi imodzi ndipo ndi khomo lanu la FEL, musalitseke. Pa manambala ochepa ndi SSH, 115200 ikukwana.

SIM800 imafuna 3.4V mpaka 4.4V, ndipo potumiza imakoka mpaka 2A m'kanthawi kochepera 1ms, mobwerezabwereza. Mukaidyetsa pa 3.3V ya purosesa, nthawi iliyonse ikafuna kulowa pa netiweki bolodi iziyambiranso. Ipatseni buck yakeyake ya 4.0V yokhoza 3A, tinjira tonenepa 2mm, capacitor ya low ESR ya 470uF kapena kuposa pafupi ndi mapini ake. UART yake ndi ya 2.8V, ndiye TX yochokera ku purosesa itsitseni ndi ma resistor awiri. EN ya buck imeneyo ipite ku GPIO, kuti modem ikauma mutu pulogalamu izitha kuidula magetsi n'kuiyatsanso. Ganiziraninso kuti SIM800 ndi 2G yokha. Bokosi lomwe likakhale zaka zambiri kuli bwino kuliikira LTE Cat 1 ngati A7670, mutaona kuti ma band ake akugwirizana ndi netiweki ya kumaloko. Njira yabwino ndi kuika modem pa kabolodi kake kolumikiza ndi header, kuti kusintha modem kusakhale kujambulanso bolodi yonse.

Chisomo:
RS485 pa UART1, PA3 TX, PA2 RX, ndipo PA0 yomwe ndi RTS ipite ku DE ndi RE za transceiver. Tengani MAX3485 kapena SP3485 za 3.3V. MAX485 wamba ndi ya 5V, ndipo RO yake ingakankhe 5V kulowa mu pini ya purosesa. Mu device tree ikani linux,rs485-enabled-at-boot-time kuti kernel izitembenuza yokha. 120 ohm kumapeto onse awiri a chingwe, ikhale pa jumper. SM712 pa A ndi B. Inverter yopopa madzi imachita phokoso lambiri pa mawaya, ndipo nthawi ya mvula mphenzi ikagwa pafupi chingwe chachitali chimatola zambiri. Chingwe chikapitirira mamita ochepa ine ndingaike ya isolation, ADM2483 ndi B0505S yoidyetsa mbali inayo.

Yamikani:
Polowera 12V: fuse, kenako SS34 kapena P-MOSFET yoteteza wina akasinthanitsa mawaya, kenako TVS, diode yoteteza voltage ikakwera mwadzidzidzi. Batire ya lead acid pochajidwa imafika 14.4V, ndiye TVS ya 12V ingamatenthe yokha. SMBJ16A imayamba kugwira pamwamba pa 16V ndipo imatsekera pa 26V, pansi pa 28V yomwe buck ya MP1584, yotsitsira 12V ku 5V, imalola. System ikakhala ya 24V, MP1584 siyokwana, pamafunika buck ya 40V kupita m'mwamba. Timabolodi totchipa tolembedwa LM2596 tisamaleni, tambiri chip yake si yeniyeni, imayenda cha m'ma 50kHz m'malo mwa 150kHz, ndipo ripple yake ndi yaikulu. Komanso chilichonse chokhala ndi potentiometer yosinthira voltage chisalowe m'bokosi lokakhala kumudzi, ikani ma resistor okhazikika.

Mphatso:
Ndiye ndiitanitse zingati pa ulendo woyamba?

Tiwonge:
Mabolodi 10, stencil imodzi, ma chip osachepera 6, ma buck owirikiza kawiri chiwerengero chomwe mukufuna, ma 0402 ndi 0603 mazanamazana chifukwa amauluka ndi blower. Zonse mu oda imodzi kuti kutumiza kulipiridwe kamodzi. Musanatumize ma Gerber, mafayilo opita ku fakitale, sindikizani bolodi papepala pa 1:1 n'kuika zolumikizira pamwamba pake, makamaka socket ya microSD ndi USB-C, chifukwa ma footprint ake amasiyana kampani ndi kampani. Yendani pini ndi pini, 1 mpaka 88, symbol ya KiCad mukuifananiza ndi datasheet, poti ma symbol otsitsa pa intaneti ena ali ndi zolakwika. Mapini onse otsala a PD ndi PE atulutseni pa header ya 2.54mm, kuti pini ina ikapezeka yolakwika muthe kulumpha ndi waya.

Dalitso:
Ndipo TX ndi RX za ma UART onse atatu zidutse pa ma resistor a 0 ohm oyandikana, kuti zikasinthana muzitembenuze ndi iron. Mukamaliza schematic iponyeni pano ngati PDF, tiyambe kuona tsamba la magetsi.